Inki pa Chala

Pa polisi ya Nkhotakota benchi ndi yomwe ija,
mwendo umodzi wochirikiza ndi njerwa.
Ndidakhalapo ndili ndi zaka khumi ndi zitatu,
mbatata yophika ili m'jumbo,
kudikira kuti andilole ndiwapatse bambo.
Lero ndakhalapo ndi envelopu ya kaki,
m'katimo digiri ya malamulo, lisiti la kubanki,
ndi zithunzi ziwiri zomwe sindidamwetulire.

Ndabwera kudzadinda zala.
Asanandiveke mkanjo wakuda ndi wigi,
khoti lalikulu likufuna pepala
lonena kuti ndilibe banga.

"Dzina?"
Ndaziona Kapalamula.
Cholembera chaima.
Sajeni Mkwapatira akundisuzumira pamwamba pa magalasi:
"Kapalamula uti?
Wa matumba asanu ndi anayi a chamba
pa rodibuloko ya ku Kaombe?"
Eya, bwana. Ndi bambo anga.
"Unyolo ndidawamanga ndine."
Ndikudziwa, bwana.
Nthawi imeneyo mudali ochepa thupi.

Mabuku ndawasanthula
ngati wofuna nsabwe m'misoko ya malaya.
Palibe ndime yoti mwana asenze fayilo ya bambo wake.
Mlandu ngwa mwini.
Ndikhoza kulakatula zimenezi ndili m'tulo.
Koma pamsika wa paboma sawerenga ndime.
Pamenepo amati mlandu suwola,
amati make mbuu, mwana mbuu,
amandipimira mpunga akuyang'ana kumbali.
Loya wina ku Lilongwe, munthu wabwino ndithu,
adati kalata yondichitira umboni alemba,
"koma bwanji osatenga dzina la amayi ako?
Ilili limalowa m'khoti iwe usanalowe."
Ndidati zikomo.
Ndidatsika masitepe ake ndi dzina langa lomwelo.

Fomu ikufunsa ngati ndidamangidwapo.
Ayi.
Ngati ndidaimapo m'chitokosi.
Ayi.
Ilibe mzere wofunsa
kuti fizi ya Fomu Wanu adalipira ndani.
Matumba amene sadagwidwe aja
adasanduka yunifolomu, nsapato zakuda,
dikishonale yong'ambika chikuto.
Chingerezi chimene ndidzalankhule pamaso pa jaji
chidamera m'mapiri, kuseri kwa nkhalango,
chikuthiriridwa usiku.
Zimenezi ndikaulule kwa yani?
Fomu ilibe malo,
ndipo mtima ulibe chidindo.

Sajeni wagwira chala changa chachikulu,
wachigubuduza pa inki, kenako pa pepala,
pang'onopang'ono, ngati akuweta mwanapiye.
"Chala ichi ndachidziwa," akutero,
"chopindikira kunja ngati chawo."
Chafanana kunja kokha, bwana.
Mizere yam'katiyo ndi yanga.
Waseka. Kapena wangotsokomola.
"Zipita ku likulu. Bwerani pakatha masabata awiri."
Ndiye motsitsa mawu:
"Akadali moyo mkuluyo?"

Ali panjapa, bwana.
Pansi pa mtengo wa mango, tsidya la msewu,
atagwira njinga yawo ya kabaza.
Zaka zisanu ndi chimodzi adazimaliza,
palibe tsiku adabwereka kwa boma,
koma geti ili saliwoloka.
Andikweza kuchokera kunyumba m'mawa uno,
avala jekete lopitira kutchalitchi
kutentha konseku.

Ndatuluka manja ali m'mwamba,
zala khumi zakuda bii,
kuopa kudetsa bulauzi.
Andiona, atembenuza nkhope,
kenako abwera.
"Akufunsa za ine?"
Ayi, ndanama.
Bodza langa loyamba pakhomo la lamulo.

Atulutsa kabotolo m'chikwama cha masipanala,
adontheza palafini pa mpango wawo,
ayamba kupukuta chala chimodzichimodzi,
osafulumira,
ngati tsiku lija adandichotsa minga ya nseso.
"Madzi okha siichoka imeneyi," akutero.
"Uyambe palafini, kenako sopo.
M'zikhadabomu imatsalira masiku atatu."

Sindidawafunse kuti adziwa bwanji.
Ndakwera kumbuyo.
Ndagwira jekete lawo ndi manja onunkha palafini,
ndipo pachitunda cha ku chipatala
ndatsika, takankha tonse awiri.